Lipenga pa Mapemphero: Mafunso ndi Mayankho kwa Oliza, Makolo ndi Atsogoleri a Kwaya

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amafunsidwa kawirikawiri ndi achinyamata oyamba kumene kuphunzira lipenga, makolo amene akuganiza zogulira mwana wawo chida chimenechi, komanso atsogoleri a kwaya amene apeza woliza lipenga mumpingo mwawo koma sakudziwa pomuika. Mayankho ake akukhudza kwambiri lipenga la B flat, popeza ndilo limene anthu ambiri ali nalo, ndipo onse atsamira pa mfundo yakuti ntchito ya lipenga pa mapemphero ndi kuthandiza mpingo kuti uimbe bwino.

Kodi lipenga ndi chida choyenera kulizidwa m'tchalitchi?

Baibulo limatchula lipenga m'malo ambiri okhudza kupembedza. Pa Numeri 10, Mose analamulidwa kusula malipenga awiri asiliva oitanira khamu la Aisraeli, odziwitsa nthawi yosamutsa msasa, ndiponso olizidwa pa masiku a chikondwerero ndi popereka nsembe. Pa 2 Mbiri 5 timawerenga kuti tsiku limene likasa la chipangano linalowetsedwa m'kachisi wa Solomo panali ansembe 120 oliza malipenga, ndipo mlembi anaona kuti n'kofunika kunena kuti oliza malipengawo ndi oimba anamveka ngati liwu limodzi. Malipenga a nthawi imeneyo analibe mavalavu, timabatani todina ndi zala posintha noti, choncho ankatulutsa manoti ochepa chabe. Mavalavu anabwera mochedwa kwambiri, pamene Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel analembetsa luso lawo ku Prussia mu 1818, ndipo kuyambira pamenepo lipenga linayamba kutha kuliza nyimbo yonse ya mpingo popanda kudumpha noti.

M'mbiri ya mpingo, magulu a malipenga a Salvation Army anayambira ku Salisbury, ku England, mu 1878, pamene Charles Fry ndi ana ake aamuna atatu anayamba kuperekeza alaliki a pabwalo ndi zida zawo. Mpingo umenewu unafika ku Zimbabwe mu 1891 ndipo ku Malawi mu 1967. Ku Germany, mipingo ya Chiprotestanti ili ndi makwaya a malipenga ambirimbiri mpaka lero. Mpingo wa Katolika, pa Msonkhano Wachiwiri wa Vatican mu 1963, unalemekeza limba la mapaipi koma unalolanso zida zina ngati akuluakulu a mpingo m'deralo avomereza.

Komabe ilipo mipingo imene mwa chikhulupiriro chake imaimba popanda chida chilichonse, ndipo ina imalola ng'oma ndi kiyibodi koma sinazolowere lipenga. Musanatulutse lipenga m'bokosi lake, kaonaneni ndi abusa kapena ansembe, akulu a mpingo, ndi mtsogoleri wa kwaya. Kungofika nalo Lamulungu m'mawa n'kuyamba kuliza ndi kupanda ulemu, ngakhale mutakhala katswiri.

Ndikufuna kuyamba kuphunzira. Ndigule lipenga la mtundu wanji?

Gulani lipenga la B flat. Paipi yake itati iwongoledwe imatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ili ndi mavalavu atatu, ndipo pafupifupi mabuku onse ophunzitsira oyamba kumene analembedwera lipenga limeneli. Valavu yachiwiri imatsitsa noti ndi theka la sitepe, yoyamba ndi sitepe yathunthu, yachitatu ndi sitepe imodzi ndi theka, ndipo pophatikiza zimenezi ndi kusintha kwa milomo ndi mpweya mumapeza manoti onse.

Cornet nayo ndi ya B flat ndipo zala zimayenda chimodzimodzi, koma paipi yake imanka ikukula pang'onopang'ono kuyambira koyambirira, zimene zimapangitsa mawu ake kukhala ofewa ndi osavuta kusakanikirana ndi mawu a anthu. Magulu a Salvation Army amagwiritsa ntchito cornet osati lipenga wamba, ndipo ine ndimaona kuti m'tchalitchi chaching'ono cha malata ndi pansi pa simenti, cornet imakhala yoyenera kuposa lipenga. Flugelhorn, chida chofanana ndi cornet koma cha paipi yotambasuka kwambiri, ili ndi mawu ofewa koposa pamenepo, abwino pa nyimbo zachifatse, koma ndi chida chachiwiri chogula mtsogolo. Lipenga la C limathandiza kuwerenga buku la nyimbo za mpingo mosasintha kiyi, koma ndi lodula, silipezeka wamba, ndipo manoti ake ena amavuta kuwatchuna kwa munthu wosazolowera. Kalipenga kakang'ono kotchedwa piccolo, kamene kamamveka pa nyimbo za Bach ndi Handel, ndi ka anthu amene milomo yawo yakhwima kale. Sikapatsa munthu manoti okwera amene analibe.

Ndalama zanga n'zochepa. Ndigule latsopano lotsika mtengo kapena logwiritsidwa kale ntchito?

Ngati ndalama zake zikufanana, lipenga lakale la kampani yodziwika monga Yamaha, Bach, Jupiter, Getzen, King kapena Besson limaposa lipenga latsopano lonyezimira lopanda dzina lodziwika. Vuto la malipenga otsika mtengo kwambiri limakhala pa mavalavu, amene amayamba kukakamira pakapita miyezi yochepa, ndiponso zipangizo zosinthira sizipezeka. M'madera athu ambiri mmisiri wokonza malipenga ndi wosowa, ndiye chida chimene chimawonongeka msanga chimangosanduka chokongoletsera khoma. Mwa malipenga a ophunzira, Yamaha YTR-2330 ndi limodzi mwa amene aphunzitsi ambiri amawakhulupirira. Bach Stradivarius ndi Yamaha Xeno ndi a akatswiri, ndipo woyamba kumene sangamve kusiyana kolingana ndi ndalama zimene angalipire.

Pogula lipenga lakale, musatengeke ndi maonekedwe. Utoto wonyezimira ukasupuka, mawu sasintha kwenikweni, ndipo timaenje ting'onoting'ono tophwanyika pa kukamwa kwa lipenga, mbali yotambasuka yotulukira mawu, tilibe vuto. Yambani ndi mavalavu: dinani iliyonse pang'onopang'ono ndipo muisiye kuti ibwerere yokha, muone ngati ikugwira penapake. Kenako sololani paipi ya valavu yoyamba kapena yachitatu osadina valavuyo. Ikatuluka ndi phokoso lomveka bwino lakuti phu, ndiye kuti mavalavu akadali othina ndipo mpweya sukuthawa, koma ikatuluka mwakachetechete ndiye kuti aperepeseka. Onetsetsani kuti mapaipi onse osolola akuyenda, makamaka yaikulu yotchunira, chifukwa paipi yomatirira imafuna mmisiri. Yang'anani bwino paipi yoyamba, imene mouthpiece, kachitsulo koika pamilomo, imalowamo: timadontho tofiira kapena tapinki pa mkuwa ndi chizindikiro chakuti chitsulo chikudyeka kuchokera m'kati, ndipo tsiku lina chidzabooka. Enje pa paipi imeneyi kapena pa nyumba ya mavalavu ndi loopsa kuposa enje lililonse la kukamwa.

Ngati wachibale ali ku Johannesburg kapena ku London ndipo akufuna kukugulirani, m'pempheni apite ndi munthu wodziwa kuliza, ndipo asaiwale kugula mabotolo angapo a mafuta a mavalavu nthawi yomweyo.

Anzanga akuti ndisinthe mouthpiece kuti ndizifika manoti okwera. Kodi n'zoona?

Mouthpiece, kachitsulo kamene mumaika pamilomo, imasintha kamvekedwe ka mawu ndi mmene milomo ikumvera, koma siilowa m'malo mwa kuyeserera. Manambala amene anthu ambiri amatchula anachokera kwa Vincent Bach, woliza lipenga wobadwira ku Austria amene anayamba kusula zimenezi ku New York mu 1918. Pa dongosolo lake, nambala yaing'ono ikutanthauza mkombero waukulu, ndipo chilembo chikusonyeza kuzama kwa kachikho: A ndi kozama, C ndi kapakatikati, E ndi kosazama. Ya 7C, imene imabwera ndi malipenga ambiri a ophunzira, ndi yotambasuka mamilimita 16.20, ya 3C ndi 16.30, pamene ya 1½C ndi 17.00. Kampani ya Yamaha imawerenga mosiyana, nambala yaikulu ndiyo mkombero waukulu, ndipo 11B4 yawo ndi yofanana kwambiri ndi 7C.

Kachikho kosazama kamathandizadi pang'ono pa manoti okwera, koma kamatulutsa mawu akuthwa, olasa m'khutu, oyenera gulu lovinitsa anthu osati nyimbo ya mpingo. Nyimbo zambiri za m'buku sizikwera kupitirira pamene mayi wamba angafike ndi mawu ake, ndiye manoti okwera kwambiri simudzawafuna kawirikawiri. Khalani ndi 7C kwa chaka kapena ziwiri, ndipo mukadzaona kuti milomo ikupanikizika kapena mawu akuwonda, yesani 5C kapena 3C pamaso pa munthu wodziwa, amene aime patali n'kumamvetsera. Kusinthasintha mwezi uliwonse kumasokoneza milomo ndipo kumabweza munthu m'mbuyo.

Ndikaliza manoti a m'buku la nyimbo, mawu anga sagwirizana ndi kiyibodi. Cholakwika n'chiyani?

Palibe chawonongeka pa lipenga lanu. Lipenga la B flat limamveka motsika ndi sitepe imodzi yathunthu poyerekeza ndi noti imene mwaphunzitsidwa kuitchula: mukaliza C wanu, osadina valavu iliyonse, wa kiyibodi amamva B flat. Choncho kuti mugwirizane ndi buku la nyimbo, limene linalembedwera mawu a anthu ndi limba, muyenera kukweza noti iliyonse ndi sitepe imodzi, ndipo kiyi ya nyimboyo imakwera chimodzimodzi. Lamulo lake ndi lakuti muwonjezere zizindikiro ziwiri za sharp kapena muchotse ziwiri za flat. Nyimbo ya m'kiyi ya F inu mumailiza mu G, ya E flat mumailiza mu F, ya B flat mu C, ya A flat mu B flat, ya G mu A, ya C mu D, ndipo ya D mu E.

Pano anthu amene anakulira m'makwaya athu ali ndi mwayi waukulu, chifukwa ambiri anaphunzira kuwerenga nyimbo m'njira ya do, re, mi, imene amishonale anabwera nayo ndipo yakhazikika m'mipingo yambiri ya ku Malawi ndi Zambia. M'njira imeneyi do amasuntha malinga ndi kiyi, ndiye chimene mukufunika kudziwa ndi malo a do wanu basi. Buku likanena kuti do ndi F, do wanu ndi G, wosadina valavu. Likanena kuti do ndi E flat, do wanu ndi F, wa valavu yoyamba. Likanena kuti do ndi G, do wanu ndi A, wa valavu yoyamba ndi yachiwiri. Munthu amene waloweza masikelo ake onse mpaka zala zikuyenda zokha, akhoza kuliza nyimbo iliyonse imene amaidziwa pakamwa m'kiyi iliyonse imene mtsogoleri wayambitsa. Ichi n'chifukwa chake ndimaumiriza ophunzira kuti sikelo iliyonse aziyamba aiimba pakamwa ndi do, re, mi asanailize.

Njira ina ndi imene m'busa wa ku Germany Johannes Kuhlo, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1856 mpaka 1941, anaifalitsa m'makwaya a malipenga a mipingo ya kwawo. Iye ankaphunzitsa anthu kutchula manoti monga amamvekera, kotero kuti noti yosadina valavu ankaitcha B flat osati C, ndipo potero oliza malipenga ankawerenga buku lomwelo limene mpingo ndi kwaya akugwiritsa ntchito popanda kusintha kanthu. Ubwino wake ndi woonekeratu kwa munthu amene adzaliza m'tchalitchi mokha. Kuipa kwake n'kwakuti akadzalowa gulu la sukulu, la apolisi, la asilikali kapena la Salvation Army, kumene manoti a chida chilichonse amakhala atasinthidwa kale, adzayenera kuphunziranso. Kwa wachinyamata ndimalangiza njira yodziwika ija, kenako aphunzire kukweza sitepe imodzi ndi maso, luso limene limabwera ngati atenga nyimbo imodzi ya m'buku tsiku lililonse.

Gulu lathu lotamanda limakonda makiyi a E ndi A, ndipo zala zanga zimasokonekera. Ndichite chiyani?

Oimba gitala amakonda makiyi amenewa chifukwa zala zawo zimagwira mosavuta, koma kwa inu E amasanduka F sharp, wa zizindikiro 6, ndipo A amasanduka B, wa zizindikiro 5. Mukhoza kupempha kuti nyimbo ikwezedwe ndi theka la sitepe, E apite ku F ndipo A apite ku B flat, zimene wa gitala angachite ndi capo, kachipangizo kopanira nsambo za gitala, ndipo wa kiyibodi ndi batani losinthira kiyi. Koma kiyi imasankhidwa poganizira mawu a mpingo ndi a wotsogolera nyimbo, osati zala za woliza lipenga, choncho masikelo ovutawo muwaphunzirebe.

Ndimatchuna lipenga tisanayambe, koma pakati pa mapemphero limakhala litasemphana ndi kiyibodi. Chimachititsa n'chiyani?

Kawirikawiri chimachititsa ndi kutentha kapena kuzizira. Lipenga lozizira limamveka motsika, ndipo likafunda limakwera, pamene kiyibodi yamagetsi siisintha. M'mawa wa mwezi wa June ku Dedza kapena ku Mzuzu, mukatchuna lipenga lozizira mwa kukankhira paipi yaikulu m'kati, pofika nyimbo yachiwiri lidzakhala litakwera mopitirira. M'mwezi wa October ku Chikwawa kapena ku Nsanje mudzafunika kusolola paipiyo kwambiri kuposa masiku onse. Choncho yambani mwauzira mpweya wofunda m'lipengamo ndi kuliza kwa mphindi zingapo, kenako mutchune. Kusolola paipi kumatsitsa mawu, kuikankhira m'kati kumawakweza. Pemphani wa kiyibodi akupatseni B flat, inu mulize C wanu wapakati.

Chinanso n'chakuti lipenga lililonse lili ndi manoti amene mwachibadwa sakhala pamalo pake. D wa m'munsi, wa valavu yoyamba ndi yachitatu, komanso C sharp wa m'munsi, wa mavalavu onse atatu, amakwera mopitirira, ndipo mphete imene ili pa paipi ya valavu yachitatu inaikidwa kuti muzisolola paipiyo ndi chala cha kumanzere pa manoti amenewa. Ophunzira ambiri sadziwa ntchito ya mpheteyo, ndipo paipi yake imafika pomatirira chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. D, E flat ndi E apamwamba pa mizere amakonda kutsika, pamene G wokhala pamwamba pa mzere wachisanu amakonda kukwera. Pulogalamu yotchunira ya pafoni ingakuthandizeni kudziwa khalidwe la lipenga lanu kunyumba, koma m'tchalitchi khutu ndilo liyenera kulamulira.

Kodi ndiziliza ndime zonse za nyimbo?

Ayi, ndipo funso limeneli ndi lofunika kuposa mafunso onse a zogula. Lipenga m'nyimbo ya mpingo lili ngati mchere m'ndiwo: likakhala pa muyeso wake anthu amangomva kuti nyimbo yakoma, koma likachuluka palibenso china chimene amamva. Nyimbo ya ndime zisanu mukhoza kuigawa motere: lizani mzere woyamba kapena womaliza ngati chiyambi kuti mpingo umve kiyi ndi liwiro, lizani ndime yoyamba motsatira mawu a soprano osawonjezera zokometsera kuti amene sakuidziwa bwino atsamire pa inu, khalani chete pa ndime yachiwiri kapena yachitatu, lowaninso motsitsa ndi mawu a alto pa ndime yachinayi, ndipo pa ndime yomaliza ndi pamene mungakwere pamwamba pa nyimbo ndi mzere wanuwanu. Kulowanso kwa lipenga pambuyo pa kukhala chete kumadzutsa mpingo kuposa kuliza kosalekeza, ndipo milomo yanu imapezanso mpata wopuma.

Werengani mawu a nyimbo musanailize. Ndime yonena za kulapa, za mtanda kapena za imfa siifuna kulira kwa chigonjetso, ngakhale ikhale yomaliza. Pumani mpweya pamene mpingo ukupuma, ndipo musadule chiganizo pakati. M'Chichewa liwu lililonse limathera pa lembo la liwu ndipo mphamvu imagwera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, choncho woliza amene akudziwa mawu amasiya phatikizo lomaliza kuti litsike mofewa m'malo molimenya ndi lilime. Zimenezi zimaoneka zazing'ono, koma n'zimene zimasiyanitsa munthu amene akuimba limodzi ndi mpingo ndi amene akungodutsa m'manoti.

Mpingo waukulu umakonda kukoka nyimbo n'kumatsika pang'onopang'ono, makamaka pamene palibe ng'oma. Lipenga likhoza kuubweza, koma osati mwa kukuwa. Lowani pa nthawi yeniyeni kumayambiriro kwa mzere uliwonse, ndi noti yomveka bwino, ndipo anthu adzatsatira. Ngati pali mtsogoleri woimika manja kutsogolo, liwiro ndi lake, ndipo maso anu akhale pa iye. Pa makolasi oti mmodzi amatsogolera ena n'kumavomera, musalize pamwamba pa wotsogolerayo. Malo anu ali pa kuvomera, kapena pa timipata timene timatsala pakati pa mizere. Pamene munthu akupemphera kapena kulankhula, lipenga likhale pansi.

Akhristu ena akudandaula kuti lipenga likusokosa. Kodi ndiwamvere?

Amvereni, chifukwa inu muli kumbuyo kwa chidacho ndipo simumva zimene iwo akumva. Mawu a lipenga amapita molunjika kumene kukamwa kwake kwaloza, ndipo pafupi ndi kukamwako mphamvu yake imatha kupitirira madesibelo 100, pamene akatswiri a zaumoyo amachenjeza kuti phokoso lopitirira 85 likamveka kwa maola ambiri limawononga makutu. Musaloze lipenga kumutu kwa woimba amene waima patsogolo panu, kapena ku mabenchi a ana ndi agogo. Imani chakumbali kwa kwaya, lozani kukamwa kwa lipenga chapansi pang'ono kapena ku choikapo manoti, ndipo pa tsiku loyeserera tumani munthu akakhale kumbuyo kwa tchalitchi akuuzeni ngati mawu a nyimbo akumveka. Ngati mawuwo sakumveka, mwakweza kwambiri.

Kuliza motsitsa ndi luso lovuta kuposa kuliza mokweza, ndipo limabwera poyeserera manoti aatali, oyamba mofewa, okula pang'onopang'ono ndi kutsikanso. Chotsekera kukamwa chotchedwa cup mute chimafewetsa mawu ndipo ndi chabwino pa nthawi ya Mgonero, pamene china chotchedwa straight mute chimachepetsa mphamvu koma chimachititsa mawu kukhala akuthwa, ndipo chimakonda kukweza noti pang'ono kotero kuti muyenera kusolola paipi. M'matchalitchi ambiri lipenga silifuna maikolofoni. Pamsonkhano wapabwalo kapena pamene pali ng'oma zachizungu ndi magitala amagetsi, gwiritsani ntchito maikolofoni yolimba ngati Shure SM57, muime nayo motalikirana pafupifupi masentimita 30 kapena kuposa, ndipo muuze woyendetsa zokuzira mawu kuti asakuikeni pamwamba pa oimba.

Kodi pali nyengo kapena miyambo imene lipenga liyenera kusamala kwambiri?

Pasaka, Khirisimasi, Pentekoste, kudzoza abusa ndi kutsegulira tchalitchi chatsopano ndi masiku amene lipenga lingamasuke. Mu Mpingo wa Katolika malamulo a Misa amanena kuti m'nyengo ya Lenti zida zilizidwe pongothandizira kuimba basi, kupatula Lamulungu lachinayi la nyengoyo ndi masiku a zikondwerero zazikulu, ndipo m'nyengo ya Adiventi zilizidwe modziletsa. Ngakhale mpingo wanu ulibe lamulo lolembedwa, nzeru yake ndi yabwino kuitsatira, popeza lipenga limene lakhala chete milungu ingapo limanena zambiri m'mawa wa Pasaka.

Pa ukwati kambiranani ndi ankhoswe kapena akomiti kutalika kwa ulendo wolowa m'tchalitchi, chifukwa operekeza akwati akamavina pang'onopang'ono nyimbo imabwerezedwa kambirimbiri, ndipo muyenera kugwirizana ndi wa kiyibodi malo amene inu mudzapume. Pa maliro musalize popanda chilolezo cha abale a malemu ndi akulu a mpingo. Akalola, sankhani nyimbo zodziwika, lizani motsitsa, ndipo musiye amayi amene akutsogolera nyimbo za pamaliro kuti agwire ntchito yawo.

Ulaliki ukatha, noti yanga yoyamba imasweka. Ndingapewe bwanji?

Pa nthawi ya ulaliki lipenga limazizira, madzi amasonkhana m'mapaipi, ndipo milomo imauma. Sungani mouthpiece m'thumba kapena m'dzanja kuti ikhale yofunda, ndipo mukaona kuti mlaliki akumaliza ibwezereni mwakachetechete, muuzire mpweya wopanda mawu, ndi kutaya madzi pa kansalu kamene mwayala pansi, osati pa simenti ya tchalitchi. Nyambitani milomo, imvani noti yoyamba m'mutu mwanu musanailize, ndipo kokani mpweya wokwanira pa liwiro la nyimboyo. Manoti ambiri osweka amachokera ku mpweya wochepa ndi kukayikira.

Mantha nawo amaumitsa m'kamwa ndi kufupikitsa mpweya. Khalani ndi botolo la madzi pafupi, ndipo pa masabata oyamba pemphani nyimbo imodzi yokha imene mumaidziwa bwino, yosakwera kwambiri. Noti ikasweka musagwedeze mutu kapena kuyang'ana lipenga. Pitirizani, chifukwa mpingo ukuimbabe ndipo ukufuna inu pa mzere wotsatira.

Milomo yanga imatopa mapemphero asanathe. Ndiziyeserera motani?

Mphindi 30 tsiku lililonse zimapindulitsa kuposa maola atatu Loweruka lokha, ndipo kudzitopetsa Loweruka madzulo kumabweretsa milomo yotupa Lamulungu m'mawa. Yambani ndi manoti aatali apakati, kenako kusuntha pakati pa manoti osasintha valavu, kenako masikelo ndi lilime, ndipo mumalize ndi nyimbo. Pumulani nthawi yofanana ndi imene mwaliza. Buku la Jean-Baptiste Arban la mu 1864 ndi la Herbert L. Clarke la mu 1912 akadali maziko a maphunziro a lipenga, ndipo amapezeka pa intaneti. Mdani wamkulu wa milomo ndi kukanikiza mouthpiece mwamphamvu pofuna noti yokwera, chifukwa magazi sayenda bwino ndipo mano amacheka mlomo m'kati. Mukamva kupweteka, lekani tsiku limenelo. Ngati mumakhala m'nyumba zoyandikana, practice mute, yotsekera kukamwa kwa lipenga poyeserera, imachepetsa phokoso kwambiri, koma musaigwiritse ntchito masiku onse popeza imasintha kayendedwe ka mpweya. Pemphani akulu a mpingo akuloleni kuyeserera m'tchalitchi masiku ena apakati pa sabata.

Kodi mwana angayambe ali ndi zaka zingati?

Mwana ayambe mano ake akutsogolo okhazikika atamera bwino, zimene kwa ana ambiri zimachitika pa zaka 8 mpaka 10. Cornet ndi yosavuta kuinyamula kwa mwana wa manja aafupi. Atsikana amaliza bwino chimodzimodzi ndi anyamata, ndipo mpingo usawasiye pambali posankha ophunzira. Mpingo umene umaika chida m'manja mwa mwana umachita chinthu chachikulu: Hugh Masekela wa ku South Africa analandira lipenga lake loyamba ali mnyamata wa sukulu kuchokera kwa wansembe wa Anglican Trevor Huddleston.

Lipenga ndilisamale bwanji, makamaka ngati ndi la mpingo ndipo timabwerekana?

Thirani timadontho tingapo ta mafuta a mavalavu masiku angapo aliwonse, ndipo musayerekeze kuthira mafuta ophikira, chifukwa amauma n'kusanduka ulimbo. Tulutsani valavu imodzi pa nthawi. Iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo poibwezera muitembenuze mpaka itamveka kuti yakhazikika, apo ayi mpweya sudutsa. Mapaipi osolola amafuna girisi wake, ndipo akasowa, Vaseline pang'ono angathandize pa paipi yaikulu yotchunira. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, masulani lipenga lonse n'kulitsuka m'madzi ofunda pang'ono okhala ndi sopo wotsukira mbale, osati madzi otentha, amene amasupula utoto. Tinsalu tofewa ta pamwamba pa mavalavu tisanyowe. M'chilimwe fumbi limalowa m'mavalavu msanga, choncho lipenga lizikhala m'bokosi lotseka, ndipo m'bokosimo musapanikiziremo mabuku. Tsukani m'kamwa musanalize, makamaka mukamwa zotsekemera, chifukwa shuga ndi zotsalira za chakudya n'zimene zimafulumizitsa kudyeka kwa paipi yoyamba ija.

Mouthpiece ikamatirira musaikoke ndi pulayala kapena kupotokola mwamphamvu, popeza mudzathyola zolumikizira za lipenga. Pali kachipangizo kake kozulira, ndipo magulu a malipenga okhazikika nthawi zambiri amakhala nako. Ngati malipenga ndi a mpingo, aliyense woliza akhale ndi mouthpiece yakeyake, chifukwa zilonda za pamilomo, chimfine ndi matenda ena a m'chifuwa akhoza kufalikira pobwerekana. Komiti isankhe munthu mmodzi wosunga kaundula wa zida, wolemba nambala imene inadindidwa pa nyumba ya mavalavu a lipenga lililonse ndi dzina la amene walitenga, ndipo pa ndondomeko ya chuma ya chaka iikepo ndalama ya mafuta, girisi ndi zotsekera madzi zatsopano.